Sisitimu ya madepoti a soya: React, Vue kapena Laravel yokha?

Tadala: Akuluakulu moni. Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndabwera. Ndapeza kaganyu kwa bwana wina wogula soya ndi mtedza kwa alimi. Nkhokwe yake ili ku Kanengo, koma amagulira m'madepoti anayi: Mitundu, Nsaru, Msundwe ndi Nathenje. Panopa zonse ndi za m'kope. Kalaliki akayeza thumba amalemba dzina la mlimi, makilo ndi ndalama, madzulo n'kujambula tsambalo n'kutumiza pa WhatsApp, kenako mtsikana wa mu ofesi amachezera kulowetsa mu Excel. Bwanayo akufuna kalaliki azilemba pa foni pompopompo, iye ali ku Kanengo aziona matumba akuchuluka pa sikirini osachita kudina refresh. Laravel, framework ya PHP ya ku seva, ndagwira nayo zaka ziwiri, kumeneko sindikuopa. Mutu waima kutsogoloku, mbali imene munthu amaiona pa sikirini: React ndi Redux? Vue ndi Pinia? Angular? Ena akuti MVC, ena MVVM, ena akuti zonsezo zinatha. Msika uyamba mu Epulo ndipo ndili ndekha.

Kondwani: React basi achemwali, musachedwe nazo. Yakhalapo kuyambira 2013, vuto lililonse limene mungakumane nalo wina analikumana nalo kale n'kulemba yankho. Komanso mukamaliza ganyu ameneyu CV yanu ikhala yonona.

Mavuto: Kondwani ngakhale mutamufunsa mankhwala a chimfine akuuzani React kkkkk

Kondwani: Iwe khala chete, unasiyira pa jQuery.

Yamikani: Tisanayambe kuponyerana mayina, achemwali tiuzeni zitatu. Makalalikiwo ali ndi mafoni otani? Netiweki m'madepotimo ili bwanji? Ndipo inu mukadzapeza ntchito ina, sisitimuyi adzaisamala ndani?

Tadala: Mafoni ndi a Android otsika mtengo, ma itel ndi Tecno, ambiri RAM yake 2GB. Netiweki ku Nathenje ndi ku Mitundu ilibwinoko. Depoti ya ku Nsaru ili mkati ndithu, kalaliki wake akuti amachita kukwera pachulu kuti chithunzi chipite. Wodzaisamala ndiye sindikudziwa, bwanayo alibe munthu wa IT.

Yamikani: Chulu chimenecho ndiye architect wanu.

Mdala wa Flex: Ndiloleni ndinene zakale pang'ono, poti imvi zangazi zinamera pa nkhani yomweyi. Cha m'ma 2008 funso lanuli tinkalifunsa ndithu, kungoti mayina anali ena. Wofuna pulogalamu ya mu browser yooneka ngati ya pa desktop ankagwira Adobe Flex, imene inkayenda pa Flash Player, ndipo mkangano unali wakuti khodi yake tiisanje ndi Cairngorm kapena PureMVC. Ine ndinatenga Cairngorm. Kuti batani limodzi ligwire ntchito umalemba Event, n'kuilembetsa mu FrontController, n'kulemba Command, Command n'kuitana Delegate, Delegate n'kupita ku service, yankho n'kubwera kudzagona mu ModelLocator, apo m'pamene sikirini imasintha. Batani limodzi, mafailo asanu. ModelLocator ija inali singleton, dengu limodzi limene aliyense ankaponyamo zake ndi kutapamo za mnzake, moti chaka chisanathe palibe ankadziwa kuti wasintha nambala iyi ndani. Anzathu a PureMVC ya Cliff Hall ankatiseka, koma nawonso anali ndi Facade, Mediator, Proxy ndi ma Notification oti ukati uwalondole umasochera masana.

Tinakangana mpaka kusiya kupatsana moni. Mu Epulo 2010 Steve Jobs analemba kalata yake ija yokana Flash pa iPhone, 2011 Adobe inapereka Flex kwa Apache, ndipo pa 31 Disembala 2020 Flash Player inalowa m'manda. Opambana mkangano ndi ogonja tonse dzenje limodzi. Pa sisitimu yanga panapulumuka chinthu chimodzi chokha: malamulo owerengera ndalama amene ndinawasiya mu Java ku seva chifukwa ndinachita ulesi kuwasamutsira ku Flex. Mpaka lero ndimauthokoza ulesi umenewo.

Mavuto: Mdala akayamba "cha m'ma 2008" ine ndimapita kukatereka tiyi

Tadala: Ayi asiyeni alankhule. Koma mdala, kunena zoona ma MVC ndi ma MVVM amenewa ndimangowaloweza pokalemba mayeso. Kusiyana kwake kwenikweni n'kotani?

Mdala wa Flex: Mwana wanga, tengani depoti yanu yomweyo. Kope ndiye Model, m'mene muli zoona zake. Bolodi lopachikidwa panja, lolembedwa mtengo ndi matumba a lero, ndiye View. Kalaliki ndiye Controller: mlimi akabwera amalankhula ndi iyeyo, iye n'kulemba m'kope, bolodi n'kusinthidwa potengera kope. Ndi MVC imeneyo. Trygve Reenskaug anaikonza mu 1979 ali ku Xerox PARC akugwira ndi Smalltalk, browser kulibe. MVC imene mumaidziwa ya Laravel ndi Rails ndi mdzukulu wake chabe, anatenga dzina koma nkhope ndi ina, poti kumeneko View ndi tsamba limene seva imaphika n'kutumiza, silikhala likuyang'anira Model.

MVVM anailengeza John Gossman wa ku Microsoft mu 2005 chifukwa cha WPF, chida chawo chopangira mapulogalamu a Windows. Apa bolodi ndi kope zamangidwa ndi chingwe: ukafufuta pa bolodi m'kope mwafufutika, ukalemba m'kope pa bolodi paoneka. Knockout ya 2010 inabweretsa zimenezi mu browser, AngularJS nayo, ndipo v-model ya Vue ndi mtundu womwewo. Pa mafomu n'zokoma kwambiri. Zimavuta mabolodi akafika khumi, onse omangidwa ku kope limodzi, aliyense ali ndi choko.

Flux, imene Facebook inaionetsa mu 2014, inati ayi, choko chikhale ndi munthu mmodzi. Wofuna kusintha kanthu alembe kachikalata, ndiye action, akapereke pawindo, m'kope mulembedwe, mabolodi onse akopere. Njira ndi imodzi, madzi sabwerera kumtunda. Iwo chinkawasautsa ndi kanambala ka mauthenga osawerengedwa kamene kankangobwerera munthu atawerenga kale. Redux ya Dan Abramov ndi Andrew Clark, 2015, ndi Flux yomweyo ataiphwanyako nthambi.

Tadala: Aaa, zaka zinayi za sukulu zija bwenzi atangotitengera ku depoti.

Chikondi: Za chingwe cha mdalazo ine ndinaziona ndi maso. Ndinalowa ntchito pa kampani ina ku Area 3 n'kupeza sisitimu ya stock ya AngularJS. Tsamba limodzi linali ndi tebulo la mizere pafupifupi 600, mzere uliwonse mabokosi asanu ndi limodzi, bokosi lililonse ng-model. Ukalemba nambala imodzi, kompyuta imayamba yaganiza kaye ngati wayifunsa za lobola. AngularJS imayendera ma watcher onse nthawi iliyonse kuona chimene chasintha, ndipo china chikasintha imayambiranso. Tsiku lina ndinakonza kuti total isinthe discount, osadziwa kuti wina anakonza kale kuti discount isinthe total. Console inangofiira: "10 $digest() iterations reached". Ndinagona mu ofesi. Choipa kwambiri, Angular 2 itatuluka mu Seputembala 2016 inali nyama ina, ya TypeScript, yosalowana ndi yakaleyo, ndipo AngularJS anasiya kuisamalira kumapeto kwa 2021. Mabwana sanafune kumva zolembanso. Ndikukhulupirira ikugwirabe mpaka pano, ndi mapemphero.

Kondwani: N'chifukwa chake ndikuti React. Data imatsika njira imodzi, nkhani ya digest kulibe.

Yamikani: Amwene, React si architecture, ndi library yojambulira sikirini. Mukaitenga mukhalabe ndi mafunso: router iti, state (data imene pulogalamu ili nayo pa nthawiyo) muisunga kuti, mafomu muchita nawo bwanji, mumanga ndi chiyani. Create React App imene ma tutorial ambiri akale amayambira anaipumitsa mu Febuluwale 2025, ndiye muyambe mwasankha Vite kapena Next.js. Munthu mmodzi, miyezi iwiri, zisankho khumi asanalembe fomu yoyamba. Ine maganizo anga: achemwaliwa Laravel amaidziwa. Aike pamwamba Livewire kapena htmx, zida zosinthira mbali ya tsamba osalitsegulanso lonse, HTML izichokera ku seva, state ikhale malo amodzi, mu database. htmx ndi kafailo kamodzi ka ma KB osakwana 20 ikapanikizidwa, npm install ya theka la bandulo palibe. A Basecamp anatulutsa Hotwire mu Disembala 2020 ndi nzeru yomweyi, ndipo si ana.

Nachisale: A Yamikani, mwaiwala chulu chimene mwatchula nokha. Livewire ndi htmx, batani lililonse lofuna data limapita ku seva. Kalaliki wa ku Nsaru ali ndi alimi makumi atatu pa mzere, njinga zatsamira pamtengo, dzuwa lili pamutu, wadina "sunga" ndipo kachizungulire kakungozungulira. Achita chiyani? Abwerera ku kope, ndipo sadzaigwiranso foniyo.

Yamikani: Apo mwandigwira, mayi. Ndimaganiza za bwana wa ku Kanengo, kalaliki ndinamuiwala.

Nachisale: Ine zaka zanga zambiri zathera pa ma data a zaumoyo m'maboma. Onani DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito, yopangidwa ndi a University of Oslo. Mapulogalamu ake atsopano a mu browser amamangidwa ndi React, koma anapanganso pulogalamu ya Android yosunga data pa foni n'kutumiza netiweki ikapezeka. Anadziwa kuti wa mu ofesi ndi wa kumudzi sakhala dziko limodzi.

Tadala, funso limene muyambe kuyankha ndi ili: pa nthawi imene thumba lili pa sikelo, zoona zikukhala kuti, pa foni kapena pa seva? Ku Nsaru yankho ndi pa foni, mufune musafune. Ndiye mukufunika zinthu zitatu, ndipo palibe chimene chili ndi dzina la framework. Service worker yoti pulogalamu itseguke popanda netiweki. IndexedDB yosungira zolembazo, mutha kugwiritsa Dexie kuti musavutike ndi API yake yokhotakhota ija. Ndi mzere wa zodikira kutumizidwa: kalaliki akadina "sunga", cholembacho chigone kaye pa foni, sikirini imuuze kuti chasungidwa, ndipo kumbuyo pulogalamu iziyesa kutumiza mpaka seva itavomera. Pakona paoneke nambala, "zosatumizidwa: 14", kuti madzulo adziwe ngati akufunika kukwera pachulu.

Tadala: Nanga ikatumiza kawiri?

Nachisale: Mwafunsa pamene pali bala. Zinandichitikira pa ntchito ina yolipira anthu amene anabwera ku maphunziro. Foni inatumiza, seva inalandira n'kusunga bwinobwino, koma yankho linafera m'njira. Foni inaona ngati zakanika, inatumizanso. Anthu asanu ndi awiri analandira kawiri pa foni zawo, ndipo ndalama ikalowa m'thumba la munthu kuitulutsa ndi nkhondo. Ndinachita kuyenda ndekha kukapepesa kwa akawunti. Mankhwala ake ndi osavuta: cholemba chilichonse chipatsidwe UUID, nambala yakeyake yosafanana ndi ina iliyonse, pa foni pomwepo chisanatumizidwe, ku database muike unique pa column imeneyo. Chikabwera kachiwiri seva ingoyankha kuti ndili nacho kale. Mizere isanu ya khodi, koma ine ndinaiphunzira ndi misozi.

Kondwani: Zonsezi Redux imachita bwino. Action iliyonse ndi cholemba, mukaika redux-persist basi mzere wanu uwo.

Chikondi: Kondwani, Dan Abramov mwini wake analemba mu 2016 kuti mwina Redux simukuifuna. Pulogalamu ya kalaliki ili ndi masikirini angati? Kusaka mlimi, kulemba kulemera, kuona za lero. Atatu. Store, slice, thunk, selector, zonsezo za masikirini atatu? Ndi Cairngorm ya mdala ija yavala jini.

Mdala wa Flex: Kkkkk ndimaopa kunena ndekha.

Kondwani: Redux Toolkit inachepetsa zambiri zimenezo, musamanene za 2016 ngati ndi lero. Koma chabwino, pa masikirini atatu ndavomera. Chimene sindikuvomera ndi kumene nkhaniyi ikulowera, kuti apange zinthu ziwiri, china cha ofesi china cha depoti. Munthu mmodzi asamale nyumba ziwiri? Mitala imeneyo.

Yamikani: Nyumba ndi imodzi amwene, makomo ndiwo awiri. Laravel imodzi, database imodzi, malamulo amodzi. Khomo la ofesi ndi masamba a Livewire: malipoti, mitengo, makalaliki, alimi. Kumeneko kuli Wi-Fi, ndipo masamba otere ndi amene amachuluka, mwina makumi awiri. Khomo la depoti ndi kapulogalamu kakang'ono kolankhula ndi seva kudzera pa API ya ma endpoint anayi kapena asanu. Mukati zonse zikhale SPA imodzi, pulogalamu imodzi ya JavaScript yoyenda yonse mu browser, ndiye kuti masamba makumi awiri aja nawonso afuna API yawo, validation kawiri, loading ndi error pa tsamba lililonse, ndipo foni ya 2GB ija izikoka JavaScript ya malipoti amene kalaliki sadzawatsegula.

Kondwani: Code splitting ilipo, foni izikoka khodi ya tsamba lokhalo limene yatsegula.

Yamikani: Ilipo, ndipo ndi chinthu chinanso choti Tadala aphunzire Epulo asanafike.

Tadala: Nanga Inertia? Ndinaiona mu ma starter kit a Laravel.

Yamikani: Ndi yabwino ngati mukufuna kulemba masamba a ofesi ndi Vue kapena React popanda kumanga API. Koma tsamba lililonse limafunsabe seva, ndiye ku Nsaru siikuthandizani.

Tadala: Chabwino. Za matumba kuchuluka pa sikirini bwana akuonerera? Ndimaganiza WebSocket, yoti seva izikankhira yokha nambala ku sikirini.

Chikondi: Laravel Reverb, seva ya WebSocket, ilipo kuyambira 2024 ngati mukuifunadi, koma ndi process ina yoti izikhala yamoyo pa seva, ikagwa usiku ndinu wodzuka. Mufunseni bwanayo ngati nambala yochedwa ndi theka la mphindi ingamupweteke. wire:poll ya Livewire, yoti tsamba lizifunsa seva masekondi 30 aliwonse, ndi mzere umodzi. Komanso za ku Nsaru zizifika nthawi imene kalaliki wapeza netiweki, ndiye "pompopompo" ameneyo ndi wa m'maloto kale.

Mavuto: Bwana akungofuna aziona nambala ikuyenda akamamwa tiyi, muikireni ka animation basi

Mdala wa Flex: Pali china chimene simunachikhudze, ndipo ndi chimene chidzakuitanitseni ku Kanengo mwadzidzidzi. Mtengo. Bwana wasintha mtengo wa soya 11 koloko m'mawa. Foni ya ku Nsaru sinamve, ikugulabe pa mtengo wa dzulo mpaka 3 koloko. Zolemba zija zikafika ku seva, mtengo woona ndi uti? Mlimi walandira kale ndalama, wakwera njinga, wapita. Seva ikawerengetsa ndi mtengo watsopano, ndalama za m'bokosi la kalaliki sizigwirizana ndi sisitimu, ndipo mnyamata wosalakwa atchedwa wakuba. Choncho cholemba chilichonse chinyamule mtengo umene unagwiritsidwa ntchito, ndi nambala ya mtengowo, seva isunge momwemo n'kungoika chizindikiro kuti izi zinagulidwa pa mtengo wakale. Zoti atani nazo ndi za bwana, si za khodi. Mukhale naye pansi mumufunse musanalembe kalikonse.

Ndipo kuwerengera konse, makilo kuchotsa kulemera kwa thumba, kuchulukitsa ndi mtengo, kuchotsa ngongole ya mbewu ngati ilipo, kukhale mu failo yakeyake ya JavaScript wamba, yosadziwa kuti kunja kuli Vue kapena React. Ilandire manambala, ibweze manambala, ikhale ndi ma test ake. Ku PHP mulembe yofanana nayo, muziyesa zonse ziwiri ndi zitsanzo zimodzimodzi. Vue 2 inatha pa 31 Disembala 2023, amene anasakaniza masamu awo m'ma component analira posamuka.

Nachisale: Ndiwonjezere pa masamupo. Ndalama musunge mu matambala, kulemera mu magalamu, zonse ma integer. Tsegulani console mulembe 0.1 + 0.2 muone, ikupatsani 0.30000000000000004. Pa thumba limodzi si kanthu, pa matumba a msika wonse akawunti adzakufunsani. Wotchi ya foni musaikhulupirirenso. Ndinalandirapo data ya tsiku limodzi yolembedwa chaka cholakwika chifukwa batire inachotsedwa foni n'kubwerera ku deti la kufakitale. Sungani nthawi ziwiri, ya foni ndi ya seva polandira.

Tadala: Ndikulemba zonsezi m'kope, kope lenileni kkkk. Funso lomaliza pa kapulogalamu ka depoti: Vue kapena React? Kapena ndingopanga ya Android yeniyeni?

Chikondi: Ya Android ili ndi ubwino umodzi waukulu, data yake sifufutika wamba. Ya mu browser, kalaliki foni ikadzadza amapita ku settings n'kudina "clear data" pa Chrome, zolemba khumi ndi zinayi zija zapita. Itanani navigator.storage.persist(), imathandiza kuti browser isafufute yokha malo akachepa, koma chala cha munthu siiletsa. Komabe kuphunzira Kotlin kapena Flutter panopa, ayi. Pangani PWA, webusaiti yoikika pa foni ngati pulogalamu, muwaikire pa home screen nokha, muwauze kuti asakhudze. Mwayi wanu palibe wa iPhone, poti Safari imatha kufufuta zosungidwa za webusaiti imene munthu sanaitsegule masiku asanu ndi awiri.

Kondwani: Ine ndinenabe React, pa chifukwa cha funso lachitatu la Yamikani lija. Tadala akadzachoka, mu Lilongwe muno wa React mumupeza msanga kuposa wa Vue. Pagulu pompano tawerengani.

Yamikani: Pagulu pompano a Laravel ndiye ochuluka kuposa onse, ndipo wa Laravel Vue samaiopa, zakhala zikuyendera limodzi kwa zaka. Template ya Vue imaoneka ngati Blade imene Tadala amailemba kale. Masikirini atatu aliyense wa inu angawawerenge Loweruka limodzi, kaya ndi Vue kaya React.

Kondwani: Apo sindikutsutsa.

Mavuto: Lembani deti, Kondwani wagonja

Kondwani: Sindinagonje, ndatopa. Magetsi athima kuno ku Area 25, ndikulemba ndi 9%.

Tadala: Zikomo nonse, mwandichotsa chimtolo. Ndatere: Laravel ndi Livewire ku ofesi, polling osati WebSocket. Depoti ndi Vue 3 pa Vite, Dexie, UUID, Pinia, yosungira state ya Vue, ndiyamba ndaisiya mpaka nditaona kuti ikufunika. Masamu mu failo yakeyake monga anenera mdala. Mawa ndikakhala pansi ndi bwana pa nkhani ya mtengo. Loweruka ndikwera minibasi ya ku Nsaru ndi fomu imodzi yokha pa itel ya mng'ono wanga, ndikaone ngati kalaliki angalembe thumba msanga kuposa m'kope. Ikakanika pamenepo ndibweranso.

Nachisale: Mukayese dzuwa lili pamutu, osati pamthunzi. Zilembo zotuwa zimene mumazikonda achinyamatazi panja sizioneka. Mabatani akhale akuluakulu, manja a kalaliki amakhala ndi fumbi la soya.

Tadala: Eya mayi. China, bwana wangondiimbira, akuti mlimi azilandira lisiti. Tiprinta ta Bluetooth tija tingalumikizike ndi PWA?

Chikondi: Chrome ya Android ili ndi Web Bluetooth, koma imafuna HTTPS ndipo imalankhula ndi BLE yokha, mtundu wa Bluetooth wosadya batire. Tiprinta tambiri totchipa ndi ta Bluetooth yakale ija, ena ali ndi zonse ziwiri. Musagule anayi, gulani kamodzi muyese kaye. Ndili nako kena mu drawer, mukadutsa ku Area 3 Lachisanu mudzatenge.

Tadala: Ndidzafika cha m'ma 4.

Mavuto: Pobwera ku Nsaru mutigulireko mtedza, consultation fee ya gulu